ZA MAU ATATU A CHINGELEZI A KU MBOMBWE, CHIYAMBI CHACHE NDI ABALE ACHE

Kwa aphunzitsi ndi akatekisi anzathu.

Palibe munthu wokulira m'boma la Chiradzulu amene sanamve dzina la P.I.M. Akulu ndi ana omwe alitchula tsiku ndi tsiku, wina ponena za tchalitchi, wina za sukulu, wina pouza woyendetsa galimoto pamene afuna kutsikira. Tikafunsa ana a m'makalasi akulu kuti zilembo zitatuzi ziimira chiani, ambiri ayankha msanga kuti "Providence Industrial Mission." Koma tikafunsanso kuti mau atatuwo anena chiani, ndi kuti anachokera kuti, m'nyumba monse mungoti zii. Mlandu suli wa ana, pakuti mwana sangatunge pa chitsime chimene mphunzitsi wache sanamsonyeze.

Dzinali ndi la mishoni ya Mbusa John Chilembwe, amene anamuka ku America ndi Joseph Booth m'chaka cha 1897, naphunzira pa sukulu ya ubusa ku Lynchburg m'dera la Virginia, nabwera m'chaka cha 1900 kudzakhazika nchito yache ku Mbombwe. M'nkhani yino tifuna kutenga mau atatuwa limodzi limodzi, ndi kuona zinthu zitatu pa liu liri lonse: tanthauzo lache, chiyambi chache, ndi abale ache, ndiwo mau ena onena za chinthu chomwecho. Sitichita ichi kuti tioneke odziwa Chingelezi, iai. Tichita chifukwa mphunzitsi amasulira mau tsiku liri lonse, ndipo chimene iye anena ana achisunga kufikira ukalamba. Liu lomasuliridwa mokhota lipotoza chiphunzitso. Ndiponso m'dera lathu lino, monga tidzaona, liu limodzi lokoma linabisa nchito yowawa zaka zambiri.

I. MITSINJE ITATU YA CHINGELEZI

Tisanayambe, tiyenera kudziwa chifukwa chache Chingelezi chiri nao mau awiri kapena atatu a chinthu chimodzi. Chinenerochi chiri ngati thamanda lolandira madzi ku mitsinje itatu.

Mtsinje woyamba ndiwo chinenero cha Anglo ndi Saxon, mitundu imene inaoloka nyanja kuchokera ku maiko amene lero tiwatcha Germany ndi Denmark, m'zaka za m'ma 400 ndi 500. Mau ao ndiwo afupiafupi aja a pakhomo: "man," "child," "house," "bread," "water," "work," "help," "love." Awa ndiwo mau amene mwana wa Mngelezi ayamba kumva kwa amache.

Mtsinje wachiwiri ndiwo Chifalansa. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa Angelezi pa nkhondo ya ku Hastings, nalonga ufumu. Kuyambira pamenepo, zaka ngati 300, Chifalansa chinakhala chinenero cha mafumu ndi cha bwalo la milandu, pamene anthu wamba analankhulabe chinenero cha makolo ao. Chifukwa chache mau a boma ndi a malamulo, monga "court," "judge," "prison," "government," "rent" ndi "tax," anadzera ku Chifalansa. Taonani ichinso: ng'ombe iri kubusa itchedwa "cow," nkhosa "sheep," nkhumba "swine," ndiwo mau a woweta, koma nyama yache ikafika m'mbale itchedwa "beef," "mutton" ndi "pork," ndiwo mau a mbuye wakudya. Ife a dziko lino sitibvutika kumva chimenechi, pakuti tidziwa kusiyana kwache kwa mau a ku boma ndi mau a kumudzi.

Mtsinje wachitatu ndiwo Chilatini pamodzi ndi Chigriki. Uwu unasefukira kawiri. Poyamba unadza ndi Augustine, amene anatumidwa ndi Papa Gregory nafika ku Canterbury m'chaka cha 597, pamenepo panalowa mau a Mpingo monga "bishop," "priest" ndi "school." Unadzanso ndi mphamvu pamene mabuku anachuluka, William Caxton ataimika makina osindikiza ku Westminster m'chaka cha 1476.

Potero tipeza mau oyenda atatu atatu: "ask," "question," "interrogate," onse anena za kufunsa, "kingly," "royal," "regal," onse anena za chifumu. Loyamba ndi la pakhomo, lachiwiri la ku bwalo, lachitatu la m'buku. Mau atatu a ku Mbombwe onse ali ndi muzu wa Chilatini.

II. PROVIDENCE

Liu ili liri ndi zigawo ziwiri: "pro," ndiko kuti patsogolo, ndi "videre," ndiko kuti kuona. Providence tsono ndiko kuoneratu. Koma si kuoneratu kwa munthu wongopenya ali manja lende. Ndiko kuoneratu kwa mai wanzeru, amene pa nthawi ya masika aona kale njala ya m'dzinja, nasunga chimanga m'nkhokwe kuti ana ache adzadye. Chifukwa chache m'muzu womwewo munaphuka "provide," kupatsa munthu zosowa zache, ndi "provision," kamba wa pa ulendo kapena chakudya chosungidwa. Ndiponso "prudent," wochenjera, ndilo liu lomwelo lofupikitsidwa. Ndipo "videre" payekha anabala "vision," masomphenya. "Visit," kukaona munthu. Ndi "evident," chooneka poyera.

Angelezi akalemba liu ili ndi chilembo chachikulu anena za Mulungu mwini, monga Iye wakuona zonse zisanachitike ndi kukonzera ana ache. Akatekisi akumbuke nkhani ya Abrahamu ndi Isake pa Genesis 22. Liu la Chihebri limene lanenedwa pamenepo za nchito ya Mulungu ndilo lakuti kuona, ndipo omasulira a Chingelezi analimasulira ndi "provide." Kwa Mulungu kuona kusowa kwa munthu ndi kumkonzera ndi chinthu chimodzi.

Abale a liu ili ndiwo abvuta. M'mabuku ena mudzapeza lalembedwa pamodzi ndi "luck," "chance," "fortune" ndi "fate," ndipo mphunzitsi wofulumira angati, "Providence ndi mwai." Tiyeni tione. "Luck" ndiwo mwai weniweni wongogwera munthu, ndipo liuli linadzera kwa anthu a ku Holland ndi anansi ao. "Chance" lichokera ku "cadere," kugwa, monga umo agwera maere. "Fortune" ndi dzina la Fortuna, mulungu wamkazi wa Aroma, amene anamjambula ali ndi gudumu lokweza ena ndi kutsitsa ena. "Fate" lichokera ku "fatum," chonenedwa kale, chimene munthu sangachilewe. M'mau anai onsewa mulibe diso lakuona, mulibe mtima wakusamala. Wophunzitsa kuti Providence ndi mwai wachotsa Mulungu m'liulo, nasiya maere okha. Tiyenera kunena kuti, "chisamaliro cha Mulungu," kapena "kuoneratu kwa Mulungu kosamalira anthu ache."

Si ku Mbombwe kokha kumene anthu anatcha malo ao ndi liu ili. Ku America uliko mzinda wa Providence, umene Roger Williams anaukhazika m'chaka cha 1636 atapitikitsidwa chifukwa cha chikhulupiriro chache. Ndipo kwathu kuno dzinali linapyola m'moto. Nkhondo ya Chilembwe inayamba pa 23 January 1915; iye anaphedwa pa 3 February, tchalitchi chache cha njerwa chinagwetsedwa ndi boma, ndi mishoni inatsekedwa. Koma m'chaka cha 1926 Dr. Daniel Sharpe Malekebu anaitsegulanso ndi dzina lomwelo.

III. INDUSTRIAL

Ana a lero akamva "industry" aganiza za fakitale ndi makina a ku Blantyre. Tanthauzo limenelo ndi lomaliza kubadwa. Liu la Chilatini lakuti "industria" linena za khama, ndiko kugwira nchito ndi mtima wonse kosalekeza. Ndipo m'Chingelezi momwemo zaka mazana ambiri "industry" linali dzina la khalidwe la munthu wosakhala waulesi. Pamene makina a nthunzi ndi nyumba zazikulu zoombera nsaru zinachuluka ku England, m'zaka za kumapeto kwa 1700 ndi m'ma 1800, liulo linasamukira ku nchito za makina. Chifukwa chache lero pali mau awiri oyenera kuwasiyanitsa: "industrious" ndiye munthu wakhama, "industrial" ndicho chinthu cha nchito za manja ndi za makina.

Nanga "industrial mission" ndi chiani? Ndiyo mishoni yophunzitsa Mau a Mulungu pamodzi ndi nchito za manja, monga kulima, kupala matabwa, kuumba njerwa ndi kusoka, kuti anthu adziimire paokha ndi mishoni idzidyetse yokha. Joseph Booth anayamba Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, pafupi ndi Blantyre, m'chaka cha 1892, ndipo Chilembwe anali naye kuyambira masiku amenewo. Ku Mbombwe anthu analima, naumba njerwa zomangira tchalitchi chachikulu chimene chinatha m'chaka cha 1913; ndipo akazi anaphunzira kusoka, wothandiza wao mmodzi ndiye Emma DeLaney wa ku America, amene anafika m'chaka cha 1902.

Tsono tione abale a liu ili, pakuti ife tinena "nchito" pamene Mngelezi ali nao mau ambiri. "Work" ndilo la pakhomo, la mtsinje woyamba. Linena nchito iri yonse, ya manja kapena ya mutu, yokondweretsa kapena yolemetsa. "Labour" lichokera ku Chilatini, ndipo m'kati mwache muli thukuta ndi kutopa. Nchifukwa chache Angelezi atchula nalo zowawa za mkazi wakubala. "Toil" liposa apo kulemera, ndiyo nchito yothyola msana. "Job" ndiyo nchito yolembedwa, kapena ganyu. "Task" ndiyo nchito yopimidwa ndi munthu wina, imene ife titi ndime kapena mgwazo. Mau onsewa anena za nchito, koma "industry" lokha ndilo liyang'ana mtima wa wogwira. Enawo ayang'ana katundu amene wasenza.

IV. TASK, TAX, RENT NDI THANGATA

Pa liu la "task" tiime pang'ono, pakuti lisunga chinsinsi. "Task" ndi "tax" ndi mapasa. Onse awiri achokera ku "taxare," ndiko kupima mtengo wa chinthu. "Tax" anakhala msonkho wa ndalama. "Task" poyamba anali msonkho womwewo, koma pambuyo pache anakhala msonkho wa thukuta, ndiyo nchito imene wamkulu aikira wamng'ono. Makolo athu sanawerenge Chilatini, koma ubale umenewu anaudziwa ndi misana yao.

Malo akulu a ku Magomero, m'malire a Chiradzulu ndi Zomba, anali a A. L. Bruce Estates. Anthu okhala pamenepo, ambiri a iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, analembedwa m'mabuku a Chingelezi ndi liu lakuti "tenant," ndipo chimene anayenera kupereka chinatchedwa "rent." "Estate," limene ife titi esiteti, lichokera ku "status," kaimidwe ka munthu, ndipo pambuyo pache linanena chuma ndi malo ache. "Tenant" lichokera ku "tenere," kugwira. Ndiye munthu wogwira malo a mwini. "Rent," limene titi lendi, lichokera ku liu lakuti kubweza. Popeza anthu analibe ndalama, anabweza ndi nchito: mwezi umodzi wa lendi, ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba, ndipo pa malo ena miyezi imeneyi inatalikitsidwa koposa muyeso wache.

Koma nchito imeneyi m'chinenero chathu sanaitche lendi kapena msonkho. Anaitcha thangata. Tonse tidziwa kuti kuthangata ndiko kuthandiza. Kale munthu anathangata mfumu yache kapena mnansi wache m'munda mwaufulu, podziwa kuti nayenso adzathangatidwa tsiku lache. M'Chingelezi liuli liyenera kuyenda ndi "help," "aid" ndi "assist," mau onena za munthu woima pambali pa mnzache. Koma linaikidwa pa malo a "rent" ndi "task," ndipo chinthu chokakamiza chinabvekedwa dzina la chinthu chaufulu. Nkhondo ya 1915 itatha, akulu amene boma linawaika kuti afufuze chiyambi chache anadzudzula machitidwe a pa esiteti ya ku Magomero. Lamulo la 1928 linalola munthu kulipira lendi ndi ndalama kapena ndi mbeu m'malo mwa nchito, koma nchito ya thangata inathetsedwa ndi lamulo la 1962.

Chilonda cha liulo chikalipo. Kufikira lero tipemphera kuti Mulungu atithangate, ndipo palibe akhumudwa. Koma munthu akati, "Iyi ndi thangata," tonse timva kuti anena za nchito yopanda malipiro oyenera. Mphunzitsi akafuna kusonyeza ana kuti kusankha liu si masewera, chitsanzo chiri pakhomo pomwe.

V. MISSION

Ife titi mishoni, ndipo ponena tero tiganiza za malo: tchalitchi, sukulu, chipatala ndi nyumba za aphunzitsi. Titi, "Ndipita ku mishoni," monga ku Mbombwe kapena ku Nguludi. Koma liuli pachiyambi silinanene za malo konse. Lichokera ku "mittere," kutuma, ndipo "mission" ndiko kutumidwa. Pamene Bishopu Charles Mackenzie ndi anzache a Universities' Mission to Central Africa anafika ku Magomero pamodzi ndi David Livingstone m'chaka cha 1861, analibe nyumba ya njerwa ngakhale imodzi, ndipo Mackenzie anamwalira mu January 1862. Komabe inali mishoni yeniyeni, popeza anali otumidwa.

Banja la "mittere" ndi lalikulu. Muli "message," uthenga, ndi "messenger," amene ife tinamtcha mesenjala wa ku boma. Muli "dismiss," kuuza anthu kuti amuke, "admit," kulola kulowa, "permit," kuloleza, "promise," lonjezo, ndilo liu lotumidwa patsogolo pa chochita, ndi "committee," komiti, ndiwo anthu amene nkhani yaperekedwa m'manja mwao. Ndiponso Misa ya abale athu Akatolika iri m'banja lomweli, pakuti dzinalo linachokera ku mau a Chilatini otsiriza mapemphero, otuma anthu kuti amuke.

Mbale wache wa "missionary" ndiye "apostle." Mau awiriwa anena chimodzi, koma loyamba ndi la Chilatini, lachiwiri la Chigriki, ndipo makolo athu anamasulira bwino pamene anati mtumwi, kuchokera ku kutuma. Mbale wina ndiye "angel," mngelo, limene m'Chigriki linena wamthenga. Mukaika patsogolo pache kachigawo konena kuti chabwino, mupeza "evangel" ndi "evangelist," Uthenga Wabwino ndi mlaliki wache. Angelezi akale anamasulira liu lomweli m'chinenero chao nati "godspel," nkhani yabwino, ndilo "gospel" la lero.

Tikalumikiza tsono mau atatu aja, dzina la ku Mbombwe linena motere: anthu otumidwa, ogwira nchito ndi khama, okhulupirira chisamaliro cha Mulungu.

VI. MAU OFANANA SALI AMODZI

Mau onena za chinthu chimodzi Angelezi awatcha "synonyms," ndilo liu la Chigriki lakuti maina oyendera pamodzi. Koma ana a mimba imodzi sakhala ndi nkhope imodzi. Ifenso tiri nao mau otere: kufa, kumwalira, kutsogola ndi kutisiya. Onse anena chimodzi, koma palibe munthu wolemekeza anganene pa maliro a mfumu liu limene anenera nkhuku.

Mbiri ya Mpingo itiphunzitsa kukula kwache kwa nkhaniyi. William Tyndale anasindikiza Chipangano Chatsopano m'Chingelezi m'chaka cha 1526. Pomasulira mau ena a Chigriki iye analemba "congregation" pamene anthu anazolowera "church," analemba "love" pamene anazolowera "charity," ndi "repent" pamene anazolowera "do penance", ndipo pa malo a "priest" analemba "senior," nasintha pambuyo pache kuti "elder." Thomas More anamtsutsa kolimba pa mau amenewa, pakuti onse awiri anaona kuti m'kusankha liu muli chiphunzitso cha Mpingo. Tyndale anaphedwa ku Vilvoorde m'chaka cha 1536. Baibulo la Mfumu James la 1611 linatenga zambiri za iye, koma linabwezera "church," ndi pa 1 Akorinto 13 linaika "charity."

Taonani chimene chinachitikira "charity." Lichokera ku "carus," wokondedwa, wa mtengo wapatali. Koma m'kupita kwa zaka linachepa, kotero kuti lero Mngelezi akalimva aganiza za mphatso zopatsa aumphawi. Mwana wowerenga chaputala chimenecho ndi dikishonale yaing'ono m'manja angayese kuti Paulo ayamikira zopereka, pamene anena za chikondi, monga Buku Lopatulika la 1922 linamasulira.

VII. MAINA A NCHITO YATHU

Nkwabwino kuti tidziwenso maina amene ife eni titchedwa nao. "Teacher" lichokera ku liu lakale la Chingelezi lakuti kusonyeza. Mphunzitsi ndiye wosonyeza njira. "Catechist" ndi "catechism" achokera ku liu la Chigriki lakuti kumveketsa mau m'makutu a munthu, ndipo ali pa ubale ndi "echo," ndiwo mau obwerera kuchokera ku phiri. Nchifukwa chache katekisimu ayenda ndi funso ndi yankho. "School," sukulu, ndilo lodabwitsa: kwa Agriki linanena mpata wopuma, pakuti okhawo osapanikizidwa ndi nchito ndiwo anapeza nthawi ya kuphunzira. Tikumbuke ichi poona mwana wofika mochedwa atayamba wapita kumunda.

"Master," limene tilimva mu hedimasitala, lichokera ku "magis," choposa. "Minister" lichokera ku "minus," chochepa, ndipo linena mtumiki. Kotero mbusa wa Mpingo ndi nduna ya boma, onse awiri otchedwa ndi dzinali, atchedwa atumiki, angakhale ena aiwala. "Deacon" nalonso ndi mtumiki, koma m'Chigriki. "Pastor" ndiye woweta nkhosa, ndipo liu lathu lakuti mbusa lilingana nalo ndithu. "Bishop" ndiye woyang'anira. "Priest" ndilo "presbyter" lofupikitsidwa, ndiko kuti mkulu. Potero wansembe wa ku Nguludi ndi mkulu wa Mpingo wa ku Blantyre, m'Chingelezi, atenga maina ao pa tsinde limodzi. "Church," tchalitchi, lichokera ku liu la Chigriki lakuti cha Ambuye, ndipo anthu a ku Scotland ati "kirk."

VIII. MACHENJEZO ATATU

Choyamba, si liu liri lonse lachilendo lichokera ku Chingelezi. Nsapato, mbatata ndi kalata tinalandira kwa Apwitikizi, ndipo kalata ndi mbale wache wa "card" ndi "chart." Kapitao, dzina limene anthu a pa esiteti analiopa, nalonso ndi la Chipwitikizi, mbale wache wa "captain," "chief," "capital" ndi "chapter," onse ochokera ku "caput," mutu. Galimoto ndi ndege tinalandira ku Chiswahili.

Chachiwiri, tichenjere ndi nthano zokoma zopanda umboni. Ambiri anena kuti boma ndi zilembo zoyamba za mau anai a Chingelezi onena za ulamuliro wa Britain. Si zoona. Boma ndi liu la Chiswahili lonena linga kapena mpanda wotchinjiriza, ndipo linalipo Angelezi asanayambe kulamulira maiko ano. Popeza akulu a ulamuliro anamanga nyumba zao m'malinga otere, dzina la mpanda linasanduka dzina la ulamuliro.

Chachitatu, chiyambi cha liu sichilamulira tanthauzo lache la lero. "Nice" lero ndi chokoma, koma linachokera ku liu lakuti wosadziwa, ndipo poyamba linanena wopusa. "Silly" lero ndi wopusa, koma kale linanena wodala. "Pagan," wosapembedza Mulungu woona, linachokera ku liu lakuti munthu wa kumudzi. Muzu utithandiza kukumbukira ndi kumvetsa, koma tanthauzo la lero tilipeza m'kamwa mwa anthu ndi m'chiganizo chimene liulo laimamo.

IX. ZOYENERA KUCHITA MPHUNZITSI

Anthu ena anatayira moyo wao pa nchito ya mau, ndipo ife tidya za thukuta lao. Samuel Johnson anatulutsa dikishonale yache m'chaka cha 1755. Peter Mark Roget anasonkhanitsa mau ofanana m'buku lache la 1852. Dikishonale yaikulu ya Oxford, yolongosola mbiri ya liu liri lonse, inayamba kutuluka m'chaka cha 1884 nitsirizika m'chaka cha 1928. Kwathu kuno David Clement Scott wa ku Blantyre anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja m'chaka cha 1892, ndipo Alexander Hetherwick anaikonzanso, nituluka m'chaka cha 1929. Lero ambiri afuna mau pa foni ndi pa intaneti. Ndi chinthu chothandiza, koma foni ipatsa msanga liu limodzi, ndipo siidziwa ngati mwana ali m'kalasi la za chuma kapena la katekisimu.

Chifukwa chache tipempha anzathu kuti pokonza phunziro atsate njira iyi. Muyambe mwawerenga chiganizo chonse, musanatsegule dikishonale. Mukatsegula, musaime pa tanthauzo loyamba. Werengani onse, ndi kusankha loyenera pamalopo. Penyani chiyambi cha liulo, ndipo ngati muzu wache uli ndi ana ena odziwika, alembeni pa bolodi pamodzi, pakuti mwana wogwira "mittere" wagwira mau khumi nthawi imodzi. Mukapatsa ana mau ofanana, musawasiye osanena kusiyana kwache, ndipo pa liu liri lonse mupereke chiganizo chache. Pomaliza, pofuna liu lathu lolingana nalo, funsani akulu a m'mudzi ndi a mu Mpingo, amene adziwa kulemera kwa mau koposa ife a m'kalasi. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Sabata yino yesani ndi mau atatu a ku Mbombwe. Alembeni pa bolodi, liri lonse ndi muzu wache ndi abale ache, ndipo ana alembe m'chinenero chao chimene dzinalo linena. Pambuyo pache muwatume kwa agogo ao, akafunse chimene liu lakuti thangata linatanthauza pa masiku a makolo, ndi chimene linadzatanthauza pa esiteti. Ndipo mayankho ao muwawerenge pamodzi m'kalasi.